Lamulo loteteza amayi limayenda bwanji kuchoka ku New York kudzafika pa Lizulu?

Azakhali anga anali mtengwa kumudzi wina kuseri kwa Lizulu. Amuna awo atamwalira, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akuchimuna sanadikire n'komwe kuti misozi iume. Tsiku losesa, anthu asanabalalike, mkulu wawo wa malemu anatulutsa kope ndi cholembera n'kuyamba kuwerenga katundu: ngolo ndi ng'ombe zake ziwiri, njinga, wailesi, malata amene anali asanakhomedwe, makina osokera. Makinawo azakhali anagula okha ndi ndalama za kachewere amene ankalima kudimba, zala zitachita dzanzi ndi chisanu cha mu Juni. Anayesa kunena zimenezo, koma anawayankha kuti namfedwa sayankhula pamaliro. Anabwerera kwathu ndi ana anayi, miphika iwiri, mphasa ndi chikwama cha zovala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawu akuti mlandu. Tonse tinangoti ndi mmene zimakhalira.

Zaka zingapo zapitazo, zomwezo zinatsala pang'ono kumuchitikira mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa cha ku Bembeke. Kope linatulukanso, mayankhulidwe ake omwe aja. Koma ulendo uno a gulupu anaimirira wowerengayo asanafike pakati. Anati, "Abale anga, pepani ndi zovutazi, koma katundu uyu eni ake ndi mayiyu ndi ana. Wina akanyamula ngakhale supuni, nkhaniyi ichoka m'manja mwanga, ikathera ku polisi." Kope lija linabwerera m'thumba. Mitima ya anthu sinasinthe tsiku limenelo, nkhope zawo ndinaziona ndekha. Chinasintha n'chakuti pakati pa maliro awiriwa, mu 2011, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma chamasiye, ndipo mbiri yake inali itafika m'makutu a mfumu.

Lamulo limenelo lili ndi kumene linachokera, ndipo njira yake ndi yaitali ngati ya madzi othirira: amachoka pa kasupe m'phiri, n'kutsata ngalande, n'kugawikana m'timakwawa, ndipo ofika pa phando la mbewu amakhala ochepa kuposa amene ananyamuka. Njira imeneyi ndi yofunika kuilondola, chifukwa anthu ambiri kuno akangomva mawu akuti jenda amati n'zachizungu zobwera ndi mabungwe.

Onena zimenezo adziwe kuti azungu enieniwo akhala akupondereza akazi awo mpaka dzulodzuloli. Dziko loyamba kulola amayi kuponya voti pa chisankho cha dziko lonse linali New Zealand, mu 1893. Ku France mayi wapabanja sankaloledwa kutsegula akaunti ku banki kapena kulowa ntchito popanda chilolezo cha mwamuna wake mpaka 1965, Malawi atayamba kale kudzilamulira. Ku Switzerland amayi anayamba kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1971, pamene kuno Rose Chibambo, uja nkhope yake ili pa K200, anali atalowa kale m'Nyumba ya Malamulo. Ku Saudi Arabia mayi analoledwa kuyendetsa galimoto mu 2018. Palibe mtundu umene unabadwa nacho chilungamo chimenechi. Kulikonse kunali amayi, pamodzi ndi abambo ena owamvetsa, amene anakakamira mpaka zinthu zitalembedwa.

Kasupe wamkulu ndi pangano limene mayiko a m'bungwe la United Nations anavomereza ku New York mu Disembala 1979, lothetsa tsankho la mtundu uliwonse lochitira amayi. Anthu amangolitchula mwachidule kuti CEDAW. Linayamba kugwira ntchito mu 1981, ndipo mayiko 189 analowamo. Mwa ochepa amene ali kunja muli Iran, Somalia, Sudan ndi United States. America inasaina mu 1980, koma aphungu ake sanalivomerezebe. Panganoli limauza boma kuti lifafanize malamulo ake amene amasala amayi, likhazikitse ena owateteza, ndipo lisamabisale kumbuyo kwa mwambo. Muli ndime yathunthu yokamba za mayi wakumudzi, za malo, ngongole za ulimi, madzi ndi chipatala, ngati kuti olembawo anaima pa mphambano ya Tsangano n'kuona amene amasenza madengu a kabichi.

Malawi analowa m'panganoli mu 1987, koma mwendo umodzi uli kunja. Boma la nthawi imeneyo linalemba kuti silikudzimanga pa ndime zofuna kuthetsa miyambo mwamsanga, poti miyamboyo inazika mizu. Mawu amenewo linadzawachotsa mu 1991. Mayiko ambiri anachitanso zotere, makamaka pa ndime ya ukwati ndi banja, ndipo ena sanabwezebe. Kufooka kwa pangano lotereli n'kwakuti lilibe apolisi, lilibe ndende. Zaka zinayi zilizonse boma limayenera kupereka lipoti ku komiti ya akatswiri 23 imene imakumana ku Geneva, iwo n'kufunsa mafunso ndi kupereka malangizo. Mphamvu yake yagona pa manyazi a boma, komanso pakuti amayi a m'dzikomo amapeza pogwira. Amatha kuuza atsogoleri kuti munasaina nokha, palibe anakugwirani dzanja.

Msonkhano waukulu wa amayi wa ku Beijing mu 1995 unasonkhezera moto. Koma pangano limene ine ndimaona kuti likunena za azakhali anga mosapsatira linalembedwa muno mu Africa, atsogoleri a mayiko athu atakumana ku Maputo mu Julayi 2003, m'dziko la anansi athu omwewa amene pa Lizulu timangosiyana nawo msewu. Pangano la Maputo limatchula mkazi wamasiye mwachindunji. Limati asachitidwe zomunyozetsa, ana akhale m'manja mwake pokhapokha zitakhala zowapweteka anawo, akhale ndi gawo loyenera pa chuma cha mwamuna wake, apitirize kukhala m'nyumba imene ankakhala, ndipo akafuna kukwatiwanso asankhe yekha mwamuna. Limatinso mtsikana asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Malawi anavomereza panganoli mu 2005. Amene analemba zimenezi ndi anthu odziwa chokolo, odziwa kusudzula, odziwa mmene maliro athu amathera.

Komabe pangano la mayiko silimanga munthu pamudzi. Chimene wapolisi ndi majisitireti amagwira m'manja ndi lamulo la dziko lino. Achikulire akukumbuka kuti kuyambira 1973 lamulo linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, mpaka linachotsedwa mu 1993. Chaka chotsatira, 1994, tinalandira malamulo aakulu oyendetsera dziko, ndipo ndime 24 ndi ya amayi yokhayokha. Imati mayi ali ndi ufulu wofanana ndi mwamuna pochita mapangano, pokhala ndi katundu wakewake, polera ana, komanso pogawana chuma banja likatha. Imalamulanso kuti pakhazikitsidwe malamulo othetsa miyambo yosala amayi, ndipo kulanda chuma chamasiye imakutchula poyera. Ndiye kuti tsiku lija kope linkatuluka kuseri kwa Lizulu, mawu oteteza azakhali anali atalembedwa kale. Kungoti anali asanakhale ndi mano okwanira. Ndipo lamulo loipa likafafanizidwa papepala limatsalabe m'mitu: mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 20 chichotsereni chiletso chija, amayi ovala mabuluku anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Mano aja anadza mu 2011. Lamulo lakale la 1967 linkagawa chuma cha malemu pawiri, gawo lina kwa mkazi ndi ana, gawo lina kwa olowa m'malo mwa mwambo, ndiye kuti abale a malemu. Pakhomo limenelo ndi pomwe akuchimuna ankalowera, ndipo akalowa sankalekera pa gawo lawo. Lamulo latsopanoli linatseka khomolo. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kenako ena amene malemuyo ankawasamala, monga makolo ake kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Ana onse ndi ana, wamkazi ndi wamwamuna, wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Mchimwene wa malemu amene ali ndi mphamvu zake, munda wake, banja lake, alibe gawo lililonse chifukwa chongokhala mchimwene.

Wina anganene kuti kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhaniyi ndi yopepuka, poti ambiri tili pa chikamwini ndipo munda ndi wa mkazi. N'zoona, ndipo ndi chuma chimene amayi a madera ena alibe. Koma taonetsetsani. Munda ukafuna kubwereketsedwa kapena kugulitsidwa, amene amakhala pabwalo ndi atsibweni, eni mbumba. Kachewere akakumbidwa n'kukwera lole, ndalama nthawi zambiri imalowa m'thumba la bambo, ndipo mayi amene anapalira amangouzidwa kuti mitengo inagwa. Dzina la munda ndi lake, mawu omaliza si ake. N'chifukwa chake lamulo la malo a m'midzi la 2016 linaika kuti mu komiti yoyang'anira malo, imene wapampando wake ndi gulupu, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Tisaiwalenso mbali inayi: mkamwini amene mkazi wake wamwalira, anthu n'kumupatsa khasu ndi bulangeti kuti azipita kwawo, kusiya nyumba ya malata imene anamanga ndi thukuta lake. Lamulo la chuma chamasiye limamuteteza iyenso. Abambo amene amaopa malamulo a jenda nthawi zambiri sanauzidwe zimenezi.

Pa ukwati, lamulo la 2015 linasonkhanitsa zinthu zimene kale zinali zomwazikana. Linati ukwati wa kwa DC, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa ankhoswe, yonse ili ndi mphamvu yofanana. Ngakhale anthu ongolowana, khoti lingathe kuwaona ngati banja akakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Linanenanso chinthu chimene ndimafuna mayi aliyense atachidziwa: banja likatha, pogawa katundu khoti liwerengerenso ntchito za pakhomo. Kuphika, kutunga madzi, kulera ana, kudwazika apongozi, zonsezo ndi chopereka pa chuma cha banja, ngakhale risiti ya malata ili m'dzina la bambo. Pomwe lamulolo linatsalira ndi pa nkhani ya mwamuna wokakamiza mkazi wake kugona naye, poti limaitchula kuti kugwirira pokhapokha awiriwo atapatukana.

Lamulo lomwelo linati msinkhu wokwatira ndi zaka 18. Koma panali mpata waukulu, chifukwa malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo lamulo laling'ono silingapose lalikulu. Mpatawo unatsekedwa mu Febuluwale 2017, aphungu atasintha malamulo aakuluwo. Kukula kwa vutoli kunaoneka mu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016, amene anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18.

Apa ife a ku Dedza tili ndi choti tiuze dziko lonse. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, mpaka pamene anaitanidwa kwawo ku Mtakataka kudzalowa ufumu mu 2003. Atafika anapeza ana a zaka 12 ndi 13 ali ndi makanda kumsana. Sanadikire kuti lamulo limalizidwe ku Lilongwe. Anasonkhanitsa mafumu a pansi pawo n'kuwasainitsa mgwirizano wothetsa maukwati a ana, ndipo amene anapitiriza kuwavomereza anawaimitsa pa ufumu mpaka atakathetsa okha maukwatiwo. Anagwira ntchito ndi magulu a amayi a m'masukulu, amene ankalondola mwana aliyense wosowa m'kalasi. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, ndipo ena mwa anawo ankawalipirira sukulu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Anawaopseza, sanabwerere m'mbuyo. Anamwalira mu 2025. Chimene anachita iwo n'kutenga mawu a m'lamulo n'kuwayankhula ndi pakamwa pa ufumu wa Chingoni, moti kholo silikanathanso kunena kuti boma likulimbana ndi mwambo, poti mwini mwamboyo ndiye anali kutsogolo.

Ntchitoyo sinathe. Kholo lokwatitsa mwana nthawi zambiri si lankhanza, ndi lanjala. Mnyamata wobwera ku Joni ndi foni ndi njinga yamoto amaoneka ngati mpulumutsi pakhomo pamene ufa unatha mu Novembala. Ena amabisa ukwatiwo podumphitsa mwana malire, ngakhale Mozambique nayenso anakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019. Ndipo mwana akabwezedwa, ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu ilipo chiyambire 1993, koma yunifolomu, makope ndi womusungira khanda sizichokera m'ndondomeko.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linabwera mu 2006, nthawi imene Joyce Banda, amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wamkazi wa dziko lino mu 2012, anali atangolimbikira nkhaniyi ali nduna yoona za amayi. Mu 2006 momwemo dziko la Brazil linakhazikitsa lake, n'kulitcha dzina la Maria da Penha, mayi amene mwamuna wake anamuombera mfuti n'kumulumalitsa miyendo. Lathuli limati nkhanza si kumenya kokha. Kutukwana ndi kuopseza kosalekeza, kukakamiza zogonana, kumana banja ndalama ya chakudya pamene ilipo, zonsezi zilimo. Wozunzidwa angapite kwa majisitireti kukapempha chikalata choletsa womuzunzayo kupitiriza kapena kumuyandikira, ndipo khoti lingalamule kuti wochoka m'nyumba akhale wankhanzayo. Ngati mwini wake akuopa, munthu wina monga kholo kapena wapolisi angamupemphere. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo amene sangakwanitse loya ali ndi ufulu wopempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ndiye n'chifukwa chiyani mabala sakutha? Tiyeni timutsatire mayi mmodzi. Wamenyedwa usiku. M'mawa ayamba kwa ankhoswe, poti ndi mmene tinaleredwera, ndipo kumeneko amva kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula. Akalimba mtima, apeze ya kabaza yopita ku polisi, kuchoka uko apite kuchipatala kukatenga lipoti, abwererenso. Tsiku la khoti likafika, mlandu uimitsidwa, adzabwerenso mwezi wamawa, pamene kudimba tomato akupsa ndipo palibe womuthyolera. Mwamuna akatsekeredwa, alamu ayamba kumuloza chala kuti wamangitsa bambo wa ana ake. Sopo watha, ana akufunsa. Tsiku lina adzuka n'kukanena kuti mlandu ndauchotsa, takambirana. Anthu amati amayi ndi osakhazikika maganizo. Ine ndimati mayiyu wawerengera bwinobwino ndipo waona kuti chilungamo chikumudyera zambiri kuposa zimene ali nazo. Madzi aja amathera pamenepa. Boma likakhazikitsa lamulo koma osaika ndalama ya mafuta a galimoto ya polisi, ya makhoti oyendayenda, ya malo oti mayi wothawa nkhanza agone usiku umodzi, ndiye kuti lakumba ngalande n'kuisiya yosatsegula.

Mu 2013 kunabwera lamulo la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lotchedwa Gender Equality Act. Limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana kuntchito, limaletsa miyambo yovulaza, ndipo limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndiponso asapitirire 60. Ndi lamulo limeneli limene linamangitsa bambo wina wa ku Nsanje mu 2016 chifukwa cha ufisi, ndipo analamulidwa kukhala kundende zaka ziwiri. Pa ntchito, mayi ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo chiyambire 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Mayiko ena anapita patali: ku Iceland, mu 2018 kunayamba lamulo loti kampani ya antchito 25 kapena kuposerapo izionetsa umboni kuti ikulipira amuna ndi akazi mofanana. Koma tinene zoona, malamulo a pantchitowa amafikira mphunzitsi ndi namwino. Mayi wa ganyu, kapena uja amathamangira basi pa Lizulu ndi beseni la mapichesi, tchuthi chake cha uchembere ndi masiku amene apongozi angamugwirire ntchito.

Funso lina ndi lakuti amene akulemba malamulowa ndani. Mayiko ambiri anaona kuti kungodikira kuti amayi achuluke okha m'nyumba za malamulo n'kudikira madzi a mphutsi, choncho anawasungira mipando. Argentina inayamba mu 1991 ndi lamulo lokakamiza zipani kuti pa mndandanda wa oimira, 30 pa 100 akhale amayi. Rwanda inalemba m'malamulo ake aakulu a 2003 kuti mipando 24 mwa 80 ndi ya amayi, ndipo mu 2008 inakhala dziko loyamba kumene aphungu aakazi anaposa aamuna. Chiyambire 2013 apitirira 60 pa 100. Ku Uganda boma lililonse lili ndi mpando wa phungu wamkazi. India inasungira amayi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya makhonsolo a m'midzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma kulemba kokha sikukwanira. Kenya inalemba mu 2010 kuti amuna kapena akazi asapitirire magawo awiri mwa atatu m'nyumba ya malamulo, aphungu n'kumazengereza, mpaka mu 2020 mkulu wa makhoti David Maraga analangiza mtsogoleri wa dzikolo kuti athetse nyumbayo, ndipo sizinachitike.

Kuno kwathu mpando wosungira amayi kulibe. Lamulo la 40 ndi 60 lija silikhudza chisankho. Mayiko a SADC anagwirizana mu 2008 kuti pofika 2015 theka la maudindo likhale la amayi, ndipo kampeni ya 50-50 inayenda m'midzi yonse, koma pa mipando 193 amayi anapambana yopitirira pang'ono 40 mu 2009, n'kutsika kufika pa 32 mu 2014, n'kukweranso kupitirira 40 mu 2019, chaka chimene Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi. Amene anaonererapo chisankho cha chipulula akudziwa chifukwa chake. Pamafunika ndalama ya nsalu, ya mabokosi a maliro, ya anyamata oimba. Mayi akaima, pamsonkhano sakamba mfundo zake, amakamba za banja lake, n'kumuimbira kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ena amatsutsa mipando yosungidwa ponena kuti imabweretsa anthu ongokwezedwa ndi chipani, ndipo nkhawa imeneyo si yopanda pake. Koma ine ndikayang'ana mmene mpikisano wake ulili, sindiona kuti amuna amene amapambanawo anadutsa pa sefa ya nzeru. Ambiri anadutsa pa sefa ya thumba.

Pamene aphungu akukoka miyendo, njira ina yakhala khoti. Ku Botswana, Unity Dow anasumira boma chifukwa ana ake ankamanidwa unzika poti bambo awo anali mlendo, ndipo anapambana mu 1992. Ku South Africa, mu 2004, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa mwambo woti chuma chamasiye chizipita kwa mwamuna wamkulu yekha wa pabanja. Ku Zimbabwe, atsikana awiri amene anakwatiwa ali ana ndi omwe anachititsa kuti khoti liletse maukwati otere mu 2016, ndipo chaka chomwecho Rebeca Gyumi anapambana mlandu wofanana nawo ku Tanzania. Kuno, amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa zachipongwe ndi apolisi mu 2019, anapita ku khoti lalikulu mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, ndipo mu 2020 khoti linalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Anali amayi akumudzi ngati ife, koma anasumira boma.

Zimene zapezedwa zingathenso kulandidwa. Ku Afghanistan atsikana analetsedwa sukulu za sekondale chiyambire 2021, ndipo mu 2022 anawatsekeranso mayunivesite. Turkey inatuluka mu 2021 m'pangano loteteza amayi ku nkhanza limene linasainidwira mumzinda wake womwe wa Istanbul. Ku Gambia, mu 2024, aphungu anakambirana zochotsa lamulo la 2015 loletsa mdulidwe wa atsikana, ndipo linapulumuka amayi atachita khama. Lipoti la World Bank la 2024 linapeza kuti pa dziko lonse amayi ali ndi maufulu a m'malamulo osafika magawo awiri mwa atatu a amene amuna ali nawo, ndipo palibe dziko ndi limodzi lomwe, ngakhale olemera aja, limene lafika pofanana kwenikweni.

Azakhali anga za Geneva kapena Maputo sazidziwa. Amadziwa zoti mwana wawo akugonabe m'nyumba yake ku Bembeke. Chaka chatha, titamaliza kukolola nyemba, anandiitana kuti ndipite ndi pepala. Atabwerera kwathu kuja analimanso kachewere zaka zingapo n'kugula makina ena osokera, kenaka mbuzi, kenaka anakhoma malata pa nyumba yawo. Anati, "Mwanawe, ndamva kuti munthu ukhoza kulemberatu. Lemba, ndisadzasiye ana akukanganirana pa mtembo wanga." Ndinawafotokozera kuti wilo imafunika ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso. Anatuma mdzukulu kukaitana mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi wina wopuma. Tinakhala pakhonde, iwo akutchula chimodzichimodzi, mbuzi kwa uyu, nyumba kwa awa, ine ndikulemba. Atafika pa makina anakhala kaye chete, kenaka anatchula mdzukulu wawo wamkazi amene ali folomu 2. Ndinawapatsa cholembera, anachigwira mwamphamvu, n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono ndi zilembo zimene anaphunzira ku sukulu ya kwacha.